Lole ya Maliro Sisowa

Munthu wodziwa Makeni pongodutsa pa mseu wa Kafue angaganize kuti kuno vuto la kayendedwe linatha kale. Mlatho wodutsa pamwamba pa mphambano ya Makeni unatsegulidwa mu 2020, masitolo akuluakulu anamangidwa, ndipo maminibasi amangotsatana ngati nyerere. Koma Makeni ndi dera lalikulu. Mukasiya phula ndi kulowa m'kati, kumene kuli mafamu, makola a nkhuku ndi madimba, mwafika kumudzi ndithu, ngakhale kuti usiku mumaona kuwala kwa mzinda capafupi. Kumeneko minibasi imafika pamene phula lathera n'kutembenuka. Kotsalako ndi kwa miyendo.

Akuluakulu akukumbuka mabasi a UBZ, kampani ya boma imene inathetsedwa mu 1995. Anali ocepa, ndipo tinali kuima pa mzere mpaka miyendo kuwawa. Boma la MMD litacotsa msonkho pa mabasi ogula kunja, anthu wamba anagula maminibasi ambirimbiri, ndipo tonse tinaomba m'manja. Koma walira mvula walira matope. Basi ya munthu imatsata ndalama. Woyendetsa ayenera kupereka kwa mwini wake ndalama ya tsiku, imene iwo amaicha kashing'i, asanaganize za cakudya ca ana ake. Kodi tingamuimbe mlandu akakana kulowa mseu wa maenje kukatenga anthu atatu?

Conco wa ku Kabwata kapena ku Chelstone amangoima pa mseu, basi yafika. Wa ku Woodlands ndi ku Kabulonga amaitana galimoto pa foni. Koma mai wa m'kati mwa Makeni amene afuna kufika ku msika wa Soweto kusanace ndi repu ndi matimati ake amacita kubwereka galimoto yekha. Mnansi wake nayenso amabwereka ina tsiku lomwelo. Magalimoto awiri amanyamuka osadzaza, ndipo phindu la dimba limathera m'njira, makamaka cicokere mu December 2021 pamene boma linaleka kuthandizira pa mtengo wa mafuta. Za mai woyembekezera amene nthawi yake yakwana pakati pa usiku, kapena mwana amene thupi latentha mpaka kukomoka, sitifunika kukuuzani. Banja limayenda khomo ndi khomo kugogoda, ndipo kukambirana mtengo kumayamba wodwala ali gone pa mphasa.

Cimene cimatidabwitsa ndi ici. Munthu yemweyo akatisiya, dzuwa lisanalowe lole yapezeka. Wina wayenda ndi mbale ya zopereka, wina walemba maina m'buku, wina walankhula ndi mwini famu, ndipo tsiku loika maliro anthu ambirimbiri afika ku Chingwere kapena ku Leopards Hill popanda wotsala. Luso lokonza ulendo tili nalo, ndipo palibe anatiphunzitsa ku sukulu. Koma timalisungira akufa.

Anzathu a ku Serenje anaonetsa zimene luso lomweli lingacite kwa amoyo. Mu 2017 ndi 2018, m'boma limenelo munayesedwa nchito yochedwa MAMaZ Against Malaria, mothandizana ndi bungwe la Transaid ndi unduna wa za umoyo. Midzi inalandira njinga zokoka kangolo kogonekamo wodwala. Anthu odzipereka anaphunzitsidwa kuzindikira malungo oopsa mwa ana, kupereka mankhwala oyamba pamudzi pomwepo, ndi kuthamangitsa mwanayo ku cipatala. Zotsatira zake zinamveka kutali: mwa ana odwala malungo oopsa, omwalira anatsika kucoka pa 8 mwa 100 aliwonse kufika pa mmodzi mwa 400.

Ambiri akamva nkhaniyi amatamanda njinga. Ife tikuona kuti njinga ndi mbali yocepa cabe. Zambia yalandira njinga za mphatso zambiri, ndipo zina zinacita dzimbiri kuseri kwa nyumba cifukwa ca tayala limodzi. Ku Serenje mudzi unadziwa kumene njinga imagona, unadziwa dzina la woipalasa, ndipo unali ndi kathumba ka ndalama zothandizira pa ngozi. Zonsezi zinakonzedwa masana, anthu ali ndi mitima pansi, matenda asanagogode.

Kuno ku Makeni magalimoto alipo kale. Pali mavani a mafamu, makanta onyamula mcenga ndi njerwa, njinga zamoto za anyamata, ndi magalimoto a ogwira nchito m'tauni amene m'mawa amatuluka ndi munthu mmodzi. Cosowa ndi buku. Mphakati uliwonse, kapena komiti ya dera, ungathe kulemba eni magalimoto amene avomera kudzutsidwa usiku, manambala ao a foni, ndi mlungu umene aliyense ali pa nchitoyo. Mtengo wa mafuta wopita ku kiliniki ya pafupi, ndi wopita ku UTH, ugwirizanidwe pa msonkhano ndi kulembedwa, kuti pasakhale kutsatsana pa khomo. Ndalamayo icoke m'thumba limene banja lililonse liponyamo pang'ono mwezi ndi mwezi, monga amai amacitira pa cilimba. A madimba naonso angapangane masiku awiri pa mlungu, kanta imodzi, ola limodzi, aliyense kulipira monga mwa matumba ake.

Tisanamizane kuti n'zapafupi. Eni magalimoto ambiri amakana cifukwa anapsa kale: anathandiza kamodzi, mafuta sanabwezedwe, ndipo atakana kaciwiri anachedwa odzikonda. N'cifukwa cake tikuti woyendetsa alipidwe m'mawa mwake, osati kumapeto kwa mwezi. Thumba nalo limapha ubale likakhala m'manja mwa munthu mmodzi; asunge atatu, ndipo ciwerengero ciwerengedwe poyera. Palinso lamulo. Kunyamula anthu mwa malonda kumafuna cilolezo ca RTSA ndi inshuwalansi yoyenera, conco za kanta ya ku Soweto zicitike ndi galimoto ya mapepala okwanira, ndipo a komiti akafunse ku ofesi asanayambe. Amai athu asamakhale pamwamba pa matumba galimoto ili pa liwiro. Apite awiri kutsogolo m'malo mwa onse, enawo atsatire pa basi.

Mvula ikayamba mu November, miseu ya m'kati imasanduka zithaphwi, ndipo galimoto zing'onozing'ono sizidutsa. Bukulo lisonyezenso amene ali ndi galimoto yaitali miyendo kapena thirakitala, ndi pamene wodwala angafikitsidwe pa njinga kuti akakumane nayo. Msonkhano wolemba zimenezi uyenera kucitika mu October.