MGODI WASANDUKA BWALO LA MASEWERA: ENI ACE NDANI?

Abale athu amene mugwira nchito m'migodi ndi m'mapulazi, lero tifuna kukamba nanu za malo a masewera amene anthu alipira ndarama pa cipata kuti akakwere makina ozungulira ndi tisitima toyenda m'mwamba. Amene ali ku Gaborone adziwa kuti ukatsata mseu wa ku Lobatse, kupitirira Commerce Park ndi phiri la Kgale, ufika pa Lion Park, pamene ana asambira ndi kukwera makinawo. Koma bwalo limene likhudza ife kopambana liri ku Joni, dzina lace Gold Reef City, pakuti linamangidwa pamwamba pa mgodi weniweni wa golidi. Tsono tiyeni tifunse: kodi bwalo lotere eni ace ndani, ndipo phindu lace licokera kuti?

Tiyambe ndi nthaka yace. Golidi anapezeka ku Langlaagte m'caka ca 1886, ndipo mzinda wa Johannesburg unabadwa pomwepo. Mu 1909 migodi ingapo inaphatikizidwa nikhala kampani imodzi yaikuru, Crown Mines. Dzenje lace la nambala 14 linatsekedwa mu 1971, ndipo m'zaka zotsatira anthu a malonda anaona kuti cinkana golidi watha pansi, ndarama zingapezekebe pamwamba. Anamanga timiseu ndi tinyumba tofanana ndi Joni wakale, naika makina a masewera, natsegula njira yakuti alendo atsikire m'mgodimo atabvala cisoti ndi nyali. Makina ena, ochedwa Tower of Terror, anamangidwa ndi nsanja ya zitsulo yocokera pa mgodi, ndipo agwetsa okwerawo pafupifupi mamita 50, kulowa nawo m'dzenje. Tsono kumene makolo athu anatsikira ndi mantha kuti alandire ndarama, lero anthu apereka ndarama kuti alawe manthawo kamphindi.

Anthu a kwathu si alendo pa nkhani iyi. Wenela anatenga amuna a ku Nyasaland zaka zambiri, ndipo pofika 1973 Amalawi a m'migodi ya ku South Africa anaposa 100,000. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalawi oposa 70 amene analikubwerera kwao, ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu. Kulembako kunayambanso mu 1977, kunathera mu 1988. Cifukwa cace mudzi uli wonse wa kwathu uli ndi nkhalamba imene idziwa kutentha kwa pansi ndi pfumbi la mwala, kapena mai wamasiye amene mwamuna wace anacona.

Nanga eni bwalo ndani? Kwa zaka zambiri linali m'manja mwa kampani ya Gold Reef Resorts, ndipo akuru ace anali mapasa awiri, Abe Krok ndi Solly Krok. Iwo anayamba kulemera ndi mafuta oyeretsa khungu amene anagulitsa kwa anthu akuda. Mafuta a mtundu umenewo, okhala ndi mankhwala a hydroquinone, anaononga nkhope za amai ambiri, kufikira Boma la South Africa linawaletsa mu 1990. Motero cuma cocokera m'matumba a anthu akuda cinathandiza kukuza bwalo limene liri pa thukuta la anthu akuda omwewo.

Mu 1996 Boma latsopano linaika lamulo lakulola nyumba za njuga, zosapitirira 40 m'dziko lonse. Ali yense wofuna ciphaso anayenera kuonetsa kuti anthu akuda ali ndi gawo m'kampani yace, ndiponso kuti adzacitira anthu cabwino cina. Gulu lochedwa Akani Egoli, m'mene munali a Krok pamodzi ndi anthu a malonda akuda, linapambana ciphaso ca pa Gold Reef City, ndipo lonjezo lace linali kumanga nyumba yosungiramo mbiri ya tsankho. Nyumbayo ndiyo Apartheid Museum, imene inatsegulidwa mu 2001, nidya ndarama pafupifupi R80 miliyoni. Tisaiwale ici: nyumba yokumbutsa masautso a anthu athu inamangidwa monga mtengo wa ciphaso ca njuga.

Mu 2011 Gold Reef Resorts inaphatikana ndi Tsogo Sun. Panthawiyo eni akuru a Tsogo Sun anali awiri: kampani yofulula mowa ya SABMiller, imene inagulitsa gawo lace mu 2014, ndi Hosken Consolidated Investments, kapena HCI. Pano mpodabwitsa, pakuti HCI inakula ndi ndarama za mabungwe a anchito. Mu 1997 anthu awiri anacoka ku nyumba ya malamulo kukaiyendetsa: Johnny Copelyn, wa bungwe la osoka zobvala la SACTWU, ndi Marcel Golding, amene kale anali waciwiri kwa mlembi wamkuru wa bungwe la anchito a m'migodi, National Union of Mineworkers. Bungwe la m'migodilo liri nayonso kampani yace, Mineworkers Investment Company, imene mu 2007 inali m'gulu logula Peermont, kampani yoyendetsa Emperors Palace ku Joni ndi Grand Palm ku Gaborone panthawiyo. Mu 2019 Tsogo Sun inapatula mahotela ambiri kukhala kampani yapayokha, koma Gold Reef City inatsala ku mbali ya njuga.

Kutsala kumeneko kutiphunzitsa mayendedwe a malondawa. Bwalo la masewera lidya ndarama tsiku ndi tsiku, anthu abwere asabwere: magetsi, amisiri oyang'anira zitsulo, alonda, osesa, ndi makina atsopano ogula kutsidya kwa nyanja ndi ndarama zacilendo. Koma khamu lidza nthawi zocepa, Loweruka ndi Lamulungu, pochuthi ca ana a sukulu, ndi mwezi wa December. Mvula ikagwa, tsikulo lapita. Nyumba ya njuga siitero. Siisamala mvula kapena usiku, ndipo makina ace anakonzedwa mwakuti pa ndarama zonse zoponyedwamo, gawo lina litsalira mwini nyumba nthawi zonse. Cifukwa cace ndarama zambiri za Tsogo Sun zicokera ku njuga, osati ku tisitima ta ana. Bwalo liitana banja lonse, hotela ligoneka alendo, koma nkhokwe yeniyeni iri m'cipinda ca makina.

Ngakhale malonda otere angagwe m'tsoka. Pa 27 March 2020 Boma la South Africa linatseka dziko cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo zipata za mabwalo ndi za njuga zinatsekedwa miyezi. Ngongole za ku banki sizinaleke kubala. M'nyengo zotere woyamba kumva kuwawa ndiye wanchito wa ganyu, pakuti mwini magawo angodikira caka cina, koma mwini mimba sangadikire.

Tsono pali funso limene tiyenera kuliyang'ana mosakondera. Ena ati ncabwino kuti mabungwe a anchito akhale ndi magawo m'makampani otere, pakuti phindu lace liphunzitsa ana a anchito, ndipo nzoona kuti mabungwe onse awiri alipirira ana ambiri sukulu ndi ndaramazo. Koma ena ayankha kuti phindu la njuga licokeranso m'thumba la wanchito mnzao, amene ataya malipiro a mwezi usiku umodzi. Ife tiona kuti mau onse awiri ali ndi coonadi, koma tionjeza lacitatu: macona a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, amene anakumba golidiyo zaka zija mabungwewo asanabadwe, alibe gawo m'cuma cimeneci. Cimene ena a iwo angayembekeze ndico cipukuta misozi ca nthenda ya pfumbi ndi cifuwa cacikuru, cimene bwalo la milandu linabvomereza mu 2019, ndarama R5 biliyoni, zogawidwa ndi Tshiamiso Trust kwa amene anagwira nchito m'migodi ina ya makampani asanu ndi imodzi kuyambira 1965. Amene muli ndi atate kapena agogo otere, sungani bwino zitupa zao ndi nambala zao za ku mgodi, pakuti popanda mapepala mlandu ubvuta.

Sitikuletsani kupita ndi ana ku bwalo la masewera. Munthu wogwira nchito ayenera kupumula, ndipo nkwabwino mwana aone ndi maso ace dzenje limene agogo ace analowamo. Koma werengani ndarama ya pa cipata ndi ya cakudya musananyamuke, ndipo ya kumudzi itumizidwe kale. Mukafika pa khomo la njuga, kumbukirani mau a akuru akuti fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Ndipo mwana akakufunsani kuti nsanja ya zitsuloyo njaciani, musangoti nja masewera ai; muuzeni za amuna a kwathu amene anatsika ndi cikwere cotero mbandakuca, ndi za iwo amene sanakwerenso.