ZA UMOYO WATHU: Nyuzi ya Madotolo ndi Magazi a Mwana Wanu

Sabata ino tikambe za magazi. Mvula ikagwa malungo amachuluka, ndipo ana ambiri amatha magazi: zikhatho ndi m'zikope mumayera, mwana nafooka. Kuchipatala mwana wotere amamthira magazi a munthu wina. Koma kodi dotolo adziwa bwanji nthawi yake ndi muyezo wake?

Madotolo ali nazo nyuzi zawozawo, m'mene amauzana zimene apeza, pakuti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Kuyambira 1 mwa iwo sitinena, tinena za gulu: pakati pa 2014 ndi 2017 madotolo otsogozedwa ndi Kathryn Maitland anayang'anira ana 3,983 otha magazi pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa zipatala zitatu za ku Uganda. Mu 2019 anasindikiza zimene anaona m'nyuzi ya ku America, New England Journal of Medicine.

Anapeza zinthu ziwiri. Choyamba, mwana wotha magazi koma wopanda zizindikiro zoopsa, monga kubanika kapena kukomoka, angathe kudikira kaye, anamwino akumuyeza kawirikawiri. Mwa ana amene anadikira, pafupifupi theka anachira osathiridwa magazi, ndipo imfa sizinachuluke. Chachiwiri, mwana wosatentha thupi amapulumuka bwino ndi magazi ochulukirapo, koma wotentha thupi amfunika muyezo wocheperapo.

Tsono amayi, dotolo akati tidikire, musayese kuti akummana mwana wanu. Mbali yanu ndiyo kufika naye msanga, ndi kusathawa naye asanamtulutse.

Koma magazi sagulidwa kusitolo. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linayamba mu 2003, limawapempha kwa anthu aufulu a zaka 16 mpaka 65. Munthu amapereka osafika theka la lita, ndipo thupi limabwezera lokha. Magaziwo amawayeza HIV, chindoko ndi nthenda za chiwindi asanapite ku zipatala monga Kamuzu Central ndi Bwaila, kumene wa ku Area 47, wa ku Kawale ndi wa kumudzi amagona m'chipinda chimodzi.

Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mafumu, chenjezani anthu anu. Galimoto ya magazi ikafika pasukulu kapena patchalitchi, inu abambo yambani ndinu kutambasula mkono, kuti achinyamata aonere kwa inu.