Nkhokwe ya Madisiki Ikadwala, Musathamange

Amayi anzanga, sabata ino ndasiya za kusoka ndi za dimba kuti ndikuuzeni zimene zinatigwera m'gulu lathu mwezi wathawu. M'nyumba zina za m'tauni ana athu aikamo kabokosi kotchedwa NAS, kamene kamasunga zithunzi ndi makalata a banja lonse, ndipo aliyense amazitsegula pa foni kapena pa kompyuta.

Kwa mlembi wathu kulinso kabokosi kotere, ka madisiki 4. M'menemo ndimo munali kaundula wa banki m'khonde yathu, ngongole za amayi 26, pamodzi ndi zithunzi za ukwati wa mwana wake. Tsiku lina magetsi atazima ndi kuyakanso, kabokosiko kanayamba kulira ngati mwanapiye wotayika. Disiki imodzi inali itafa. Bambo a kunyumbako, poti ndi munthu wachangu, anagula ina tsiku lomwelo, nafuna kuilowetsa ndi kudina polembedwa Repair. Mwana wa mchemwali wawo, amene anaphunzira za makompyuta, ndiye anawaletsa.

Mnyamatayo anatifotokozera motere, ndipo ngakhale ine wa Sitandade 8 ndinamva. Madisikiwo analumikizidwa mwa njira yotchedwa RAID 5, imene ili ngati samu iyi: 2 + 3 + 4 = 9. Nambala imodzi ikafufutika, mumaipeza poyang'ana zotsalazo. Zikafufutika ziwiri, ngakhale mphunzitsi wamkulu sangazipeze. Chomwechonso disiki imodzi ikafa katundu yense akadalipo, koma ikafa yachiwiri wapita yense. Tsono Repair amachititsa kuti madisiki otsalawo awerengedwe kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kwa maola ambiri osapuma, pamene nawonso anagulidwa tsiku limodzi ndi yakufayo ndipo atopa chimodzimodzi. Kodi mungasenzetse mtolo wa nkhuni munthu amene akudzandira kale?

Choncho anayamba ndi kukopera zofunika pa disiki ina yapadera: kaundula poyamba, zithunzi pambuyo. Kaundula anatuluka bwino. Ali mkati mwa zithunzi, disiki yachiwiri inayamba kukana kuwerengeka malo ena, ndipo pomwepo anazimitsa kabokosiko. Asanazule madisiki, analemba pa iliyonse nambala ya malo ake, 1 mpaka 4. Kenaka anakopa disiki iliyonse yamoyo, yathunthu, pa disiki yatsopano yosachepera msinkhu wake, ndi pulogalamu yaulere yotchedwa ddrescue, imene imayamba ndi malo abwino n'kubwerera pa owonongeka pomaliza. Ntchito yonse yotsala anaigwirira pa makope amenewa, pa kompyuta ya Linux, madisiki enieniwo ali m'kabati.

Pano ndikupempheni mumvetsetse, chifukwa ambiri amalakwira apa. Mukalumikiza disiki ya m'kabokosi kotere ku kompyuta ya Windows, siizindikira kalembedwe kake, ndipo ingakufunseni kuti muchite Initialize kapena Format. Kanani ndithu. Kuvomera ndi kulemba pamwamba pa katundu wanu. Disiki ikamagogoda mkati, izimitseni, musaiyesenso. Musaitsegule ndi sikuludiraiva, pakuti kafumbi kosaoneka n'komwe kamakanda mbale zake. Za kuika disiki m'firiji, zimene mayi wina anati anamva kwa mlamu wake, zisiyeni: chinyezi chimangowonjezera matenda. Yotereyo ndi ya akatswiri okhala ndi chipinda chopanda fumbi, ndipo mtengo wawo si wamasewera.

Ife tinataya zithunzi pang'ono za paphwando, ndipo mlembi wathu analira, poti pa china panali malemu amayi ake akuvina. Ndalama za gulu sizinasokonekere ngakhale tambala. Tsopano Lachisanu lililonse kaundula amakopedwa pa disiki ina imene imagona kwa msungichuma, ndipo buku lathu lachikuto cholimba lija talibwezera pa mphasa ya msonkhano.