Njinga yamoto imavulaza ngakhale itaima

 Nkhani ya Lamulungu lino ena muidabwa, mwina mufunsa kuti, "Kodi anamwinowa ayamba liti umakaniko?" Dekhani ana anga, mumva.

Masiku apitawa ndidali ku Kande kukaona abale. Ndikudikira galimoto pamsewu wa M5, padafika mayi wina wachitsikana atabereka mwana wa zaka zitatu, mwendo uli m'chikhakha, pantchafu pali bandeji. Unamwino suthera pa kupuma ntchito, choncho ndidafunsa. Ndimaganiza kuti andiuza za ngozi ya pamsewu, koma ayi.

"Agogo, njinga ya bambo ake idamugwera pakhomo pomwe," adatero mayiyo.

Bambowo amayendetsa kabaza. Tsikulo adabwera masana kudzadya kondowole, n'kuimika njinga pamchenga pansi pa mtengo wa mango. Mwana adathamangira kukakwera monga amachitira masiku onse. Sitandi idatitimira mumchenga, njinga n'kumupsinja mwendo, ndipo injini imene idali isadazizire idamuwotcha. Kuchokera tsikulo m'nyumbamo mulibe mtendere. Bambo akuti mayi sadayang'anire mwana, mayi akuti bambo amaimika njinga paliponse ngati nkhuku yoikira dzira. Nkhani idafika mpaka kwa ankhoswe.

Ine sindiweruza mlanduwu. Koma pakati pa mkangano wonsewo pali kachitsulo kamodzi kamene palibe adakatchula, ndiko sitandi.

Pamene ndinkayamba ntchito, njinga yamoto kumudzi timaiona ndi alangizi a zaulimi, azaumoyo kapena abambo a ku parishi. Kuyambira zaka za m'ma 2010 zinthu zidasintha. Lero pa Chintheche, pa Kande, pa Mpamba, njinga zili mbwee, zikunyamula anthu, usipa, chinangwa, matumba a simenti. Mabanja ambiri akudyera pomwepo, ndipo n'zoyamikika. Koma akulu adati walira mvula walira matope. Njinga ya kabaza imalemera makilogalamu oposa 100, kutanthauza matumba awiri a chimanga ndi kuposerapo. Mwana wa zaka zitatu sakwana ngakhale makilogalamu 20. Katundu yenseyo, njinga ikaima, amatsamira pa kaphazi ka chitsulo kochepa ngati bokosi la machesi. Taganizani zimenezo.

Njinga zambiri zimabwera ndi masitandi awiri, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake.

Yoyamba ndi sitandi ya m'mbali, ija mumaikankha ndi phazi lamanzere. Njinga imapendekera kumanzere n'kukhazikika pa malo atatu: matayala awiri ndi sitandiyo, ngati mphika pamafuwa. Pamalo olimba ndi yodalirika zedi, ngakhale kukuwomba mwera wa mwezi wa June ndi July. Mdani wake ndi nthaka yofewa. Mumchenga wa ku Chintheche ndi ku Kande imalowa pang'onopang'ono, inu muli m'nyumba mukusamba m'manja. M'matope ndi chimodzimodzi, ndipo mukudziwa nokha kuti boma la Nkhata Bay mvula imagwa yambiri komanso imachedwa kusiya. Ngakhale phula la pamsewu, dzuwa la October likaswa mtengo, limafewa n'kumeza sitandi.

Yachiwiri ndi sitandi ya pakati, ya miyendo iwiri. Iyi imaimika njinga chilili n'kukweza tayala lakumbuyo. Ndi yabwino pofuna kuthira oyilo pa tcheni, kuona mlingo wa oyilo mu injini, kumata tayala, kapena kumanga katundu wolemera. Koma imafuna malo olimba ndi osapendekeka, monga pasimenti. Mukaiimika pamchenga, mwendo umodzi umalowa kuposa unzake, ndipo njinga imagwa mwadzidzidzi, mbali iliyonse. Ambiri amaganiza kuti miyendo iwiri ndiye chitetezo paliponse. Si choncho ayi.

Nanga kumalo otsetsereka, monga kumapiri a ku Mpamba kapena njira yotsikira ku Usisya? Kumeneko iwalani sitandi ya pakati. Imikani njinga itayang'ana kumtunda, muisiye m'giya yoyamba, tsitsani sitandi ya m'mbali mpaka ifike kumapeto kwake, kenaka mukhotetse chiwongolero kumanzere. Mukaiyang'anitsa kumunsi ili yopanda giya, imasuntha pang'ono kupita kutsogolo, sitandi n'kupindika yokha, basi njinga pansi. Musanachoke, igwedezeni pang'ono ndi dzanja. Ikagwedera kwa inu, kwa mwana igwa.

Tsopano za kugula. Pogula njinga, makamaka yogwiritsidwapo kale ntchito, anyamata mumamvetsera kulira kwa injini ndi kuona kuwala kwa penti. Weramani muonenso kunsi. Sitandi isakhale yopindika, yosweka kapena yowotchereredwa mwachisawawa. Ikafuna kusinthidwa, pitani ndi njingayo kapena sitandi yakaleyo kusitolo kuti mugule yofanana kutalika. Yaitali kwambiri imaimika njinga mowongoka, moti mphepo kapena mbuzi yodzikanda imaigwetsera kumanja. Yaifupi kwambiri imaipendeketsa mopitirira, kulemera konse n'kupita pa bawuti imodzi. Sankhani ya chitsulo chochindikala ndi phazi lotambalala. Kusiyana kwa mtengo wake ndi kochepa poyerekeza ndi thiransipoti yopita ndi mwana kuchipatala cha boma ku Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera pa Chintheche.

Kwa inu a kunyanja, pali nzeru ziwiri zotsika mtengo. Yoyamba, muziyenda ndi kathabwa kolimba kaukulu ngati chikhatho, kokaika pansi pa sitandi paliponse pamene nthaka ili yofewa. Kabooleni, mukamange ndi chingwe kuchiwongolero kuti musakaiwale. Yachiwiri, pemphani wowotcherera zitsulo akuikireni kachitsulo kophwatalala kuphazi kwa sitandi. Koma muonetsetse kuti sitandiyo ikapindidwa sikukhudza tcheni kapena tayala, ndipo sikukhula pansi pokhota.

Kugula kokha sikukwanira. Sitandi ili ngati bondo la munthu, imafuna chisamaliro. Ili ndi zinthu zitatu: bawuti imene imazungulirapo, sipuling'i imene imaikoka, ndi phazi. Kamodzi pamlungu, tinene Loweruka pochapa njinga, ziyang'aneni zonse zitatu.

Bawuti ikamasuka, sitandi imagwedera uku ndi uku ndipo njinga imayamba kupendekeka kuposa kale. Imangeni. Ngati bowo lakula, makaniko akonze. Musanapake girizi watsopano, yambani mwachotsa mchenga ndi girizi wakale, chifukwa mchenga ukasakanikirana ndi girizi umadya chitsulo ngati tupa. Ndipo inu amene mumalowetsa njinga m'nyanja poichapa, dziwani kuti madzi amachotsa girizi n'kusiya dzimbiri. Tungani madzi m'ndowa, muchapire kumtunda, mupukute, kenaka mupake girizi.

Sipuling'i ndiyo ndimaiopa kwambiri. Ikafooka kapena kuduka, sitandi imalendewera njinga ikuyenda. Pokhotera kumanzere imakhula pamsewu, njinga n'kudumpha, woyendetsa ndi wokwera onse pansi. Ndaonapo anyamata atamanga sitandi ndi malegeni kapena waya. Zimenezo n'zongokufikitsani kwa makaniko tsiku lomwelo, osati zoyenda nazo mwezi wathunthu mutanyamula mayi woyembekezera. Ndipo musananyamuke, chizolowezi chikhale kuyang'ana phazi lamanzere: kodi sitandi ndakweza?

Palinso zizolowezi zimene zimapha sitandi msanga. Kukhala panjinga mukucheza pasiteji itatsamira pa sitandi ya m'mbali. Kuliza injini ndi phazi mutaimirira panjinga yotsamira pa sitandi. Kukweza matumba a chinangwa kapena madengu a nsomba njinga itapendekeka. Kachitsulo kaja sadakapangire zimenezo. Kamapindika pang'onopang'ono, ndipo tsiku limene kadzagonje simudzalidziwa.

Tibwere pakhomo, pamene pali nkhani yanga yeniyeni. Njinga ikhale ndi malo ake amodzi, monga mbuzi zili ndi khola. Sankhani malo osapendekeka, kutali ndi posewerera ana, kutali ndi khomo lolowera ndiponso kutali ndi moto. Ngati simenti yavuta, yalani njerwa zootcha kapena kwirirani mwala wophwatalala pamene sitandi imaponda. Mbali imene njinga yapendekera iyang'ane kukhoma, kuti ikagwa itsamire khomalo, koma pasakhale mpata woti mwana n'kulowapo. Mukangofika, ekizozi ndi injini zimakhala zotentha kwa nthawi ndithu, choncho ana asayandikire.

Ndikudziwa kuti ambiri mumalowetsa njinga m'nyumba usiku poopa akuba. Sindikuletsani, koma mverani. Isagone chipinda chimodzi ndi ana. Tsekani kampopi ka petulo, chifukwa njinga ikagwa petulo amatayika, ndipo akakumana ndi mbaula, kandulo kapena koloboyi nyumba yonse imapsa. Musalize injini m'nyumba, utsi wake ndi poizoni. Petulo wosungira musamuike m'botolo la zakumwa, ana amamwa poyesa ndi sobo.

Ndipo abambo, lekani kukhazika mwana pathanki njinga itaima kuti asangalale kapena mumujambule. Mukumuphunzitsa kuti njinga ndi chidole. Mawa adzakwera yekha inu kulibe. Lamulo likhale limodzi, kwa ana anu ndi a aneba omwe: njinga sakwera, sagwira, popanda wamkulu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ngozi ikachitika, chitani izi. Nyamulani njinga kaye, musamukoke mwana ali pansi pake. Ngati mwendo kapena mkono watupa, wapindika kapena mwana akukana kuugwiritsa ntchito, musauwongole ndipo musautsine ndi madzi otentha. Ugonekeni pa kathabwa kapena katoni yolimba, mumange mosathinitsa ndi chitenje, n'kupita kuchipatala. Ngati njinga yamugunda kumutu, pachifuwa kapena pamimba, pitani naye ngakhale palibe bala. Mwana amene akusanza, akuwodzera modabwitsa, akupuma movutika kapena akudandaula m'mimba akhoza kukhala akutaya magazi m'kati. Musadikire kuti kuche.

Akapsa ndi ekizozi kapena injini, thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20, mwana yense mutamufunditsa kuti asazizidwe. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, oyilo wa njinga, dothi kapena phulusa. Pa zaka zanga zonse m'chipatala, zinthu zimenezi ndidaziona zikuwoletsa mabala amene akadapola bwinobwino. Matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera, mupite kuchipatala. Bala la ekizozi limanyenga: limaoneka laling'ono koma limalowa m'kati, makamaka likaoneka loyera kapena ngati chikopa chouma, ndipo nthawi zina silipweteka n'komwe. Tengani buku la kuchipatala la mwana kuti aone za katemera wa kafumbata. Zipatala zilipo pa Chintheche, pa Kande, pa Mpamba ndi ku Usisya. Yambirani pamenepo, iwo ndiwo adziwe ngati n'kofunika kukutumizani ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu Central. Mwana akamwa petulo, musamusanzitse. Thamangirani naye kuchipatala.

Mawu anga omaliza apite kwa nonse awiri. Amayi, njinga ija si ya bambo okha, ndi munda wa banja lonse. Muli ndi ufulu wonena kuti, "Bambo a mwana, apa ayi, tiyeni tikonze malo." Nenani mwaulemu, nthawi yabwino, osati pamaso pa anzawo pasiteji. Inunso abambo, mayi akakuuzani kuti sitandi ikulendewera, sakukunyozani. Iwo ndi amene amakhala pakhomo tsiku lonse, ndipo amadziwa pamene ana amasewera. Njinga ikagwa n'kuswa galasi, kupinda chiwongolero kapena kuboola thanki, ndalama ya ndiwo ya mlungu wonse yapita, ndipo ngati njingayo ndi ya abwana kapena ya ngongole, mavuto amachuluka. Komabe zonsezo zimagulidwa kusitolo. Mwendo wa mwana sagulitsa.

Mayi wa ku Kande uja ndidamuuza kuti akafika kunyumba asayambe ndi funso loti adalakwa ndani, poti madzi akatayika saoleka. Ayambe ndi kufunsa kuti njerwa zoyala poimika njinga azipeza kuti. Inunso lero, mukabwera kutchalitchi, tulukani nonse awiri, muwerame, muyang'ane kachitsulo kaja.

Tikumanenso Lamulungu likudzali. Musamale ana.