Za Pakhomo Pathu: Mwana Aone ndi Maso, Agwire ndi Manja

Tsiku lina tidacheza ndi ana a Sitandade 7 pa sukulu ina ya kufupi ndi Nsaru. Titaŵafunsa dzina la phiri lalitali koposa mu Africa, onse adayankha pamodzi kuti Kilimanjaro. Koma titafunsa za chiyambi cha dzina la mudzi wao, ndi kumene makolo ao adachokera asanakhazikike m'mbali mwa Bua, onse adaŵerama. Ndipo titaŵaonetsa chibuma chakuda cholemera, chotsalira pa ng'anjo ya makolo, chimene alimi amafukula polima, wina adati ndi mwala wamba. Ana aŵa si opusa ai. Mlandu ndi wathu ife makolo ndi aphunzitsi, pakuti taŵapatsa mabuku okha, osaŵaonetsa zinthu zenizeni zimene mabukuwo amanena.

Maiko ena adaliona kale vuto limeneli. Ku New Zealand, mu mzinda wa Rotorua, nyumba yosungiramo zinthu zakale ili ndi aphunzitsi akeake olandira ana a sukulu. Amaŵaphunzitsa miyambo ya Amaori, amene ndiwo eni nthaka a dzikolo, mbiri ya mudzi wao, ndiponso za mapiri ophulika moto, makamaka phiri la Tarawera limene lidaphulika pa 10 Juni, 1886, nkukwirira midzi ndi kupha anthu oposa 100. M'chaka cha 2016 nyumbayo idatsekedwa chifukwa idachita ming'alu ndi chivomezi, koma aphunzitsiwo adapitirizabe ntchito yao m'malo ena. Iwo adaziona kuti mwana amaphunzira ndi chinthu chimene ali nacho m'manja mwake, ndi munthu amene akumfotokozera.

Nafenso kuno kwathu nyumba zotere tili nazo. Ya ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre idatsegulidwa m'chaka cha 1966. Ku Mangochi kuli ina yofotokoza za nyanja ndi anthu a m'mbali mwake, ku Mzuzu kulinso ina. Ku Karonga, nyumba imene idatsegulidwa m'chaka cha 2004 imaonetsa chimango cha chinyama chachikulu chotchedwa Malawisaurus, chimene mafupa ake adapezeka m'boma lomwelo. Ku Mua, ku Kungoni kumene adayambitsa Bambo Claude Boucher m'chaka cha 1976, kuli nyumba ya Chamare yofotokoza miyambo ya Acheŵa, Angoni ndi Ayao. Koma kwa mwana wa ku Kabudula kapena ku Nambuma, malo ameneŵa ndi akutali, ndipo ndalama ya galimoto siipezeka msanga pa khomo la mlimi. Kodi tsono tingokhala manja lende kudikira kuti wina adzatimangire nyumba yathu?

Tiyeni tiyambe taŵerenga chuma chimene tili nacho pafupi. Kumwera kwa Namitete ndi Mpingu kuli mapiri a Dzalanyama, kumene kuli Kaphirintiwa, malo amene nthano ya Acheŵa imati anthu oyamba ndi nyama adatsikira, nasiya mapazi ao pa thanthwe. Kufupi ndi komweko kuli Msinja, kumene kunkakhala Makewana, mai woyang'anira kachisi wa mvula. Ku Dedza kuli Chongoni, kumene kuli malo 127 okhala ndi zojambula pa miyala: zofiira za Akafula ndi zoyera za Acheŵa. Bungwe la UNESCO lidaika malowo pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Alendo amachokera kutsidya kwa nyanja kudzaona zimenezi, pamene ana athu, eni ake a mbiriyo, sadazionepo.

Za mapiri ophulika nazonso si nkhani ya kutali monga ambiri aganizira. Nyanja ya Malaŵi, imene ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ili m'chigwa chimene chidapangika pamene nthaka idang'ambika, ndipo ikung'ambikabe pang'onopang'ono. Kumpoto kwa nyanjayi, m'dziko la Tanzania, kuli mapiri a moto a Rungwe ndi Kyejo. Akasupe a madzi otentha a ku Nkhotakota ndi ku Chiweta amatiuza kuti pansi pathu pali kutentha kwakukulu. Akuluakulu ambiri akukumbukira chivomezi cha ku Salima cha pa 10 Malichi, 1989, chimene chidagwedeza nyumba mpaka kuno ku Lilongwe, ndiponso zivomezi za ku Karonga za mu Disembala, 2009. Mwana akamva kwa agogo ake mmene adathaŵira m'nyumba usiku umenewo, ndipo mphunzitsi nkumfotokozera chimene chimagwedeza nthaka, phunzirolo saliiŵalanso.

Palinso chifukwa china chimene chikutifulumiza. Ku Kasiya, pakati pa minda yathu yomweyi, kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia idapeza m'dothi mchenga wa mtengo wapatali wotchedwa rutile, umene amapangira utoto woyera ndi chitsulo cholimba chopepuka cha ndege, pamodzi ndi graphite, wakuda uja wa m'kati mwa pensulo. Akatswiri akuti rutile wa ku Kasiya ndi wochuluka kuposa wa pamalo ena alionse odziŵika pa dziko lapansi. Ana amene ali pa sukulu lero ndiwo adzakhala pa mabwalo okambirana za nthaka imeneyi. Adzalankhula bwanji ngati sadziŵa chimene chili pansi pa munda wa bambo ao, kapena pamene pali manda ndi mabwinja a makolo?

Choncho tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, komiti ya sukulu iriyonse ipatule ngodya imodzi m'kalasi, iikepo thebulo ndi zinthu zimene zangotsala pang'ono kutayika: mphika wa dothi, mphero, kaligo, nkhwangwa yosula pamudzi, nsalu ya chiwondo, ndalama za mapaundi ndi masheleni zimene tidasiya m'chaka cha 1971, ndi miyala ya mitundumitundu ya m'madambo ndi m'mapiri. Chinthu chirichonse chilembedwe dzina lake, mwini wake ndi kumene chidapezeka. Koma tichenjeze ana kuti asakumbe pa mabwinja kapena kukanda zojambula pa miyala, pakuti lamulo la dziko limaletsa. Akapeza chachilendo, auze Dipatimenti ya Boma yoona za zinthu zakale.

Chachiŵiri, tiitane nyakwaŵa ndi agogo kuti abwere m'kalasi kamodzi pa teremu, ndipo ana alembe zimene amva m'kope losungidwa ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Mau a akuluakulu akoma akagonera, koma mkulu akagona m'manda mau ake asanalembedwe, sagonera, angotayika.

Chachitatu, tikagulitsa fodya, mtedza kapena soya, tisonkhe pang'onopang'ono kuti ana a Sitandade 8 apite ku Chongoni kapena ku Mua asanamalize sukulu. Sukulu ziŵiri zoyandikana zingathe kugaŵana mtengo wa galimoto imodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tidziŵa kuti makolo ena achita mantha pomva kuti ku Mua kuli zigoba za gule wamkulu. Kwa iwo tikuti: kudziŵa mbiri ya chinthu si kuloŵa m'chinthucho. Kholo limene likukayika liperekeze anawo, lidzaone lokha, ndipo madzulo likhale pansi ndi mwana wake kukambirana zimene aona.

Inu amai ndi abambo, taonani m'nkhokwe ndi kuseri kwa nyumba madzulo ano. Kapena mphika wa agogo uja udakalipo. Musaufungatire nkhuku, upatseni mwana apite nawo kwa aphunzitsi, ndipo mumuuze dzina la amene adauumba.