Dotolo amene anakana chipinda chapansi

Anthu ambiri amene ali akhungu lero akanatha kuona akadapeza dotolo pa nthawi yake. Ndipo madotolo ambiri amene akanawathandiza sanafike n'komwe kusukulu ya udotolo chifukwa anabadwa akazi. Zinthu ziwirizi n'zogwirizana, ndipo moyo wa Dr Patricia Bath ukuchitira umboni.

Mayi Bath anabadwa m'chaka cha 1942 ku Harlem, dera la anthu akuda mumzinda wa New York ku America. Bambo awo, ochokera ku Trinidad, ankayendetsa sitima zoyenda pansi pa nthaka. Mayi awo ankakolopa m'nyumba za eni, ndipo tindalama timene ankapeza ankatisunga kuti ana aphunzire. Ndi mayi omwewo amene anagulira mwana wawo wamkazi tizida toyesera za sayansi. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Atamaliza maphunziro a udotolo pa Howard University mu 1968, Mayi Bath anagwira ntchito pa chipatala cha Harlem, uku akuphunzira za maso pa Columbia University. Kumeneko anaona chinthu chimene chinawasowetsa mtendere. Ku Harlem odwala akhungu anali ochuluka, pamene ku Columbia anali owerengeka. Atafufuza anapeza kuti khungu linkagwira anthu akuda kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi azungu, makamaka chifukwa chosowa chithandizo. Chipatala cha Harlem sichinkachita n'komwe opareshoni ya maso. Iwo anapempha aphunzitsi awo kuti azipita kukachita opareshoni kwaulere, ndipo ntchitoyi inayamba mu 1970. Mu 1976 anakhazikitsa pamodzi ndi anzawo bungwe la American Institute for the Prevention of Blindness, limene linkaphunzitsa kuti kuona ndi ufulu wachibadwidwe wa munthu aliyense.

Komatu amene ankatsegulira ena chitseko nawonso anatsekeredwa. Atalembedwa ntchito pa Jules Stein Eye Institute ku Los Angeles, monga mkazi woyamba pakati pa aphunzitsi a kumeneko, anawapatsa ofesi m'chipinda chapansi, pafupi ndi zinyama zoyeserapo mankhwala. Iwo anakana mwaulemu, napempha malo ofanana ndi a anzawo aamuna, kenaka anapitiriza ntchito. Mu 1983 anakhala mkazi woyamba ku America kutsogolera maphunziro a madotolo a maso. Mu 1988 boma linawapatsa chiphaso cha umwini pa chida chotchedwa Laserphaco Probe, chochotsera ng'ala pogwiritsa ntchito kuwala kwa laser. Anali dotolo wachikazi wakuda woyamba kulandira chiphaso chotere. Mu April 2019 anaima pamaso pa komiti ya Senate kudandaulira amayi amene luso lawo limakwiriridwa, ndipo anamwalira pa 30 May chaka chomwecho ali ndi zaka 76.

Tsono tiyeni tidzifunse m'makomo mwathu. Ng'ala ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri padziko lapansi, chonsecho opareshoni yake ndi yaifupi ndipo munthu amaonanso. Nanga n'chifukwa chiyani agogo ena amakhala zaka akutsogoleredwa ndi ndodo, ife n'kumangoti ndi ukalamba? Ndipo amene amasiya sukulu kuti aziwatsogolera, kodi kawirikawiri si mwana wamkazi? Pamenepo banja lataya kawiri: maso a agogo ndi tsogolo la mdzukulu.

Chipinda chapansi chilipo m'mabanja ambiri. Timaikamo mwana wamkazi pamene fizi yachepa n'kusankha mchimwene wake, kapena pamene tamuuza kuti masamu ndi sayansi si za atsikana. Makolo a Mayi Bath anali osauka, koma sanatero. Inu bambo, inu mayi, tengani agogo mupite nawo kuchipatala akapimidwe maso, ndipo mtsikanayo abwerere m'kalasi.