Nthenga pa mbedza, ku Mulunguzi

Ine ndinakula ndikudziwa kuti nsomba imagwidwa ndi nyongolotsi. Choncho mkulu wina wa ku Zomba atandionetsa mbedza yomangidwa ndi nthenga ndi ulusi, n'kunena kuti nyambo ndi yomweyo, ndinaseka. Unali mwezi wa Meyi, nthawi ya masika, pamwamba pa phiri la Zomba m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, womwe umadzaza damu lomwetsa mzinda wonse wa Zomba.

Nsomba yomwe tinkafuna ndi trout. Si yathu: kwawo ndi kumadzulo kwa North America, ndipo kuno inabwera ndi atsamunda. Imakonda madzi ozizira, ndipo akafunda kupyola madigiri 20 imayamba kubanika, poti madzi ofunda sasunga mpweya wokwanira. N'chifukwa chake simungaipeze mu Shire, koma kumapiri ngati Zomba ndi Nyika.

Mkuluyo anati masika ndiwo amayesa msodzi. Mvula yatha, matope akhazikika, madzi ayera mpaka kuona miyala pansi. Zikuoneka zabwino, koma nayo nsomba ikukuonani. Mthunzi wanu ukangogwera pamadzi, yathawa. Ndiye mumayenda chowerama, chingwe chikhale chopyapyala, nthenganso ikhale yaing'ono kufanana ndi tizilombo tomwe tikuuluka tsikulo. Iwo anagudubuza mwala m'madzi kuti aone tizilombo tobisala pansi pake, kenako n'kusankha mbedza.

Za damu anandiuza zomwe sindinkaziganizira. Kumunsi kwa khoma mtsinje sumvera mvula yokha, umamvera madzi omwe damu latulutsa. Otuluka pansi penipeni amakhala ozizira ngakhale dzuwa liwombe, pomwe osefukira pamwamba amakhala ofundirako. Akatuluka ambiri nsomba zimakabisala m'mphepete. Akachepa zimaunjikana m'maiwe akuya n'kuchenjera kwambiri.

Ndinaponya kuyambira m'mawa. Kawiri konse mbedza inakola nthambi, kachitatu inakola chipewa changa. "Achimwene, dzanja lifewe, simukumenya ng'ombe," anatero mkuluyo. Iwo anagwira imodzi yokha, yamawangamawanga, ya mzere wofiirira m'nthiti, n'kuibwezera m'madzi. Mtima unandipweteka, ndiwo yonse ija!

Koma chomwe chandilembetsa lero ndi china. Pokwera mtunda tinadutsa malo omwe mitengo inadulidwa, ena opsereza ndi moto. Mtsinje wopanda mthunzi umafunda, ndipo dothi lokokoloka limakwirira timiyala momwe trout imaikira mazira. Dothi lomwelo limakathera m'damu, n'kumadya malo a madzi omwe anthu a ku Chinamwali ndi Matawale amadikira pampopi. Inu simudya trout, inenso sindinailawe, koma ikasowa mu Mulunguzi ndiye kuti madziwo asintha.

Mkuluyo anandipatsa mbedza imodzi ya nthenga zakuda. Ili m'bokosi la machesi, ndipo ndawalonjeza kuti ndibwereranso kuzizira kwa Juni kusanafike povuta.